Usapinde Pepala, Usakwere Lole ya a Barnaba

Usakwere lole ya a Barnaba mawa. Ngakhale akuuze kuti atate ako avomera, ngakhale akuuze kuti chapa, minibasi ya ku Lichinga ija, yadzaza kapena yafera panjira, usakwere. Ndipo pepala lililonse lokhala ndi dzina lako usawapatse m'manja, ngakhale anene kuti akungofuna kuliona.

Lusiya mwana wanga, moni wabwera pambuyo chifukwa mtima wanga suli m'malo. M'thupi ndili bwino, mng'ono wako Esta akuyamwa bwinobwino. Ndikulemba ndili kukhitchini, kope lili pabondo. Atate ako ali pakhomo akusoka ukonde, foni ili m'thumba mwawo, n'chifukwa chake sindinakuimbire. Kalatayi ndipatsira a Esinati amene akupita ndi nsomba kumsika wa ku Metangula masana ano, akaisiya kwa amalume ako a Yohana komwe ukugonako. Werenga yonse, usalumphe, ngakhale zilembo zikhote. Ukudziwa kuti amako analekezera kinta kalasi, kalasi yachisanu.

Tinagwirizana kuti iwe utsogole kukajambulitsa zithunzi, ine ndikubweretsere setifikadu yako ya sukulu mawa pokwerera chapa. Zinthu zasintha. M'mawa uno kunabwera a Barnaba, eni maboti amene atate ako amagwirako ntchito. Anabwera atavala nsapato zopukuta, munthu woti tsiku lonse amayenda pamchenga wopanda nsapato. Anakhala pampando wa atate ako, atate ako n'kukhala pansi.

"Mayi a Lusiya," anatero, "ndamva kuti mwana akupita ku Lichinga kukafunsira ntchito ya muofesi. Mwachita bwino. Koma mapepala ku Lichinga sayenda okha, amafuna miyendo. Mlamu wanga ali komweko. Ndipatseni setifikadu, mwana akhale nane kutsogolo kwa lole mawa, ndikupita ndi usipa. Za chapa zisiyeni."

Ine ndinati, "Zikomo bwana, koma mwana wanga miyendo ali nayo iwiri, yonse yabwino."

Anaseka mpaka kugwira pamimba, natembenukira kwa atate ako. "Andireya, kodi pakhomo pano amalira ndani, tambala kapena thadzi?"

Atate ako anayang'ana pansi, kenako anati, "Amake Lusiya, katengeni pepalalo." Ndinati sinditenga. Pamaso pa mlendo, mwanawe, ndakana mawu a atate ako, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwire. A Barnaba ananyamuka nati abweranso dzuwa likapendeka, pamodzi ndi atate ako aakulu, kuti tidzakambe ngati anthu.

Ukumukumbuka Joana, mwana wa a Filipo a kuseri kwa tchalitchi? Iye uja ankaimba patsogolo pa kwaya, amene anakuphunzitsa kuluka tsitsi. Nayenso setifikadu yake inapatsidwa miyendo. Anakwera kutsogolo kwa lole yomweyo. Ku Lichinga anamuuza kuti dikira, mlamu wapita kumaliro. Dikira, bwana wamkulu ali patchuthi. Akafunsa pepala lake, akuti lili muofesi, ukalitenga malo ako atayika. Lero Joana ali m'kanyumba ka a Barnaba kuseri kwa matandala oyanikira nsomba, mwana kumsana, sali mkazi wamkulu, sali wantchito, sali kanthu. Amayi ake akamufunsa amangoti mapepala akadayenda. Munthu akagwira setifikadu yako wagwira chingwe cha pakhosi pako. Usakwere, Lusiya.

Tsopano mvera za pepala. Izi ndimafuna kukuuza mawa tikudikira chapa, koma sindikudziwa ngati ndifikako. Anthu pano amandiseka kuti Marita wapenga ndi mapepala. Aseke. Iwo sanaone zimene ndinaona ine.

Rekerimentu yanga yoyamba, kalata yofunsira ntchito ija, ndinaipinda. Iwe unali kumsana, usanayambe kuyenda. Kunamveka kuti pachipatala china akufuna mayi wokolopa. A katekisiti anandilembera bwinobwino papepala long'amba m'kope. Ine ndinalipinda, n'kupindanso, n'kupindanso, mpaka linachepa ngati bokosi la machesi, ndipo ndinalimanga pansonga ya chitenje monga timamangira ndalama za nsomba tikagulitsa. Kwathu kuno chinthu chofunika timachimanga pamfundo, ndiye ndinkaona ngati ndikulipatsa ulemu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Metangula, dzuwa lili paliwombo, thukuta, iwenso wandinyowetsa. Nditafika, bambo wa pawindo analitambasula ndi zala ziwiri ngati wagwira chule, nalinunkhiza. "Mayi, mwabweretsa rekerimentu kapena ndiwo?" Anthu onse pabenchi anaseka. Inenso ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Misozi inadikira mpaka panjira. Usapinde pepala, mwana wanga. Kalata ino ndaipinda chifukwa ikubwera kwa iwe ndipo iyenera kubisala, koma ya kuofesi usaipinde ngakhale pakona.

Ulendo wachiwiri ndinati ndachenjera. Sinyora, mayi mwini nyumba ya alendo ya kugombe kuno, ankafuna wochapa. Ndinapita kumsika n'kusankha pepala lokongola kuposa onse, lofiirira, la maluwa m'mbali, lonunkhira ngati sopo. Ndinalinyamula pamanja ngati mbale ya mgonero. Sinyora analiyang'ana, nandiyang'ana, nati, "Marita, ukufuna ntchito kapena ukundifunsira ukwati?" Kani linali pepala limene anyamata amalemberapo zibwenzi! Ntchito anandipatsa, koma chifukwa ankandiona kale pamwala ndikuchapa, osati chifukwa cha maluwa aja. Iwe ku Lichinga palibe amene anakuonapo ukuchapa. Palibe akudziwa amako, palibe akudziwa kuti unkakhoza masamu. Chimene chidzalowe muofesi iwe usanalowe ndi pepala. Ndiye maluwa ayi, mitundu ayi, zonunkhira ayi.

Kunyumba ya alendo komweko ndi kumene ndinaona kumene makalata amathera. Nyengo ya alendo ikayandikira, achinyamata ankabwera nawo ambirimbiri, ena ochokera kumtunda ku Maniamba. Sinyora ankawaponya m'dengu. Akasankha, otsala ankandipatsa ine kuti ndiyatsire mbaula. Ndinayatsa moto ndi maina a ana a eni, Lusiya, ena ndikuwadziwa amayi awo, tikukhala benchi imodzi kutchalitchi. Anali mapepala opyapyala, okwinyika, ena inki itayenderera ndi chinyezi cha kunyanja kuno, ena mafuta a zala ali pakona. Tsiku lina munapezeka limodzi lolemerera, loyera bwino, losapindidwa. Ndinaona ndi maso anga sinyora akulitembenuza, akulisisita ndi chala, asanawerenge n'komwe. Kenako anawerenga mpaka pansi. Silinabwere kumbaula. Mtsikana amene analibweretsa anaitanidwa. Sindikuti pepala ndilo linamulemba ntchito, ayi, anali wanzeru ndithu. Koma enanso a m'dengu muja anali anzeru, ndipo palibe anawafunsa funso ngakhale limodzi. Dzanja la munthu limachita mphwayi kukwinya pepala lolemera. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa, ndipo sindidzaiwala.

Pepala lotero sikanali koyamba kuligwira. Pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndili kamwana, agogo ako anandipatsa kathumba ka mapepala kuti ndigwire m'boti iwo akuyang'anira katundu. Ine ndinagona. Kathumba kanagwera m'madzi a pansi pa boti, anthu n'kumakapondaponda. Titafika, mapepala a kumsasa wa othawa nkhondo anali atasanduka phala. Koma kalata yawo ya ubatizo ya ku mishoni anaiyanika pamwala, inauma, ndipo dzina lawo likuwerengeka mpaka lero. Ansembe ndiwo anatiuza kuti mapepala amenewo amapangidwa ndi thonje, ngati nsalu, n'chifukwa chake sang'ambika wamba. Ndinakwapulidwa tsiku limenelo, koma ndinaphunzira kuti mapepala sali ofanana, monga zitenje sizifanana.

Ndiye ukafika ku Lichinga usathamangire pamalo oyamba opanga fotokopiya. Amayi a Rute, amayi a kutchalitchi amene ukakhale nawo, akakuperekeze ku papelariya yaikulu, sitolo ya mapepala. Ukanene kuti ukufuna pepala la thonje lolembera kurikulu, chikalata chofotokoza maphunziro ako ndi ntchito zimene wagwirapo. Akakuyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti n'lodula, uwayankhe kuti wamva, akuonetse basi. Usachite manyazi, sukukapempha. Ndipo usagule lili m'paketi. Nena akutulutsire limodzi.

Usankhe monga ndinakuphunzitsira kusankha chitenje. Ulitikite pang'ono ndi zala. Labwino silitereka, limamveka kaukali pang'ono ngati nsalu yatsopano yosachapa. Upite nalo pakhomo uliyang'anitse kudzuwa. Ukaona zala zako zonse kuseri kwake, libweze, limenelo ndi la mbaula. Labwino limangoonetsa kamthunzi, ndipo nthawi zina mkati mwake mumaoneka kachizindikiro ka amene analipanga. Uligwire pakona uligwedeze. Lopyapyala limangolendewera ngati tsamba lofota, labwino limaima lokha ndipo limalira. Mtundu wake ukhale woyera ngati mkaka, osati kuyera kothobwa m'maso, osatinso chikasu ngati lagonera padenga. Usagule ambiri, ochepa okwanira kurikulu ndi kalata yake, ndi ena apadera ngati makina angalakwitse. Likasowa la thonje, usalire, usabwerere. Tenga lokhuthala kuposa onse, loyera, lopanda mizere. Chachikulu lisakhale lopyapyala ndipo lisapindidwe.

Wa pamakina umuuze ayambe wasindikiza papepala wamba. Uwerenge dzina lako, dzina la atate ako, chaka chimene unamaliza, chilichonse. Anthu a kumtunda maina athu a kunyanja amawalemba momwe awamvera. Zikakhala bwino, pamenepo umupatse la thonje, ndipo uimirire pompo ukuona. Tsiku limenelo usadzole mafuta m'manja, usadye usipa wokazinga. Samba m'manja, upukute, udikire ziume, kenako usaine. Kalata ndi kurikulu zikhale papepala la mtundu umodzi, si izi china choyera china chotuwa ngati munthu wavala nsapato zosiyana. Envelopu ugule yaikulu yolowa pepala lonse chilili.

Kusunga nakonso ndinalakwitsapo. Pepala lako lakubadwa ndinalikulunga m'jumbo n'kulisomeka kudenga, ndimvekere ndaliteteza ku mvula. Jumbo imatuluka thukuta, mwanawe. Pomwe unkafuna kulembetsa mayeso ndinapeza lachita nkhungu, dzina lako theka ladyeka, ndipo unaona wekha momwe tinavutikira kupeza lina. Mapepala ako uwaike pakati pa makatoni awiri oyera, osati a sopo kapena a mafuta, umange ndi kansalu. M'chapa akhale pamiyendo pako. Thumba la usipa limene ndakonzera amayi a Rute likakupeza, lipite pamwamba ndi katundu wina, lisayandikane ndi mapepala ngakhale pang'ono. Ife fungo limenelo sitilimva chifukwa tinabadwiramo. Iwo amalimva envelopu isanatsegulidwe.

Koma undimve bwino apa. Fungo la nsomba lisakhale papepala, koma dzina la kwanu likhalepo. Polemba kumene unabadwira ulembe Chiwanga, usalembe Lichinga monga amachitira ena. Ulembe kuti unkaphunzitsa ana Sande sukulu, ulembe kuti unkathandiza kugulitsa nsomba, pakuti n'zoona. Usaonjezere zimene sunachite. Pepala la thonje limakhalitsa, bodza ukalembapo nalonso likhalitsa. Nsomba zimenezi ndizo zinakugulira makope. Amene akuona kuti mwana wa msodzi sayenera kukhala kuseri kwa tebulo, ameneyo adwale yekha mutu.

Ndipo ukapereke wekha. Wekha, Lusiya, ndi dzanja lako. Usapatse mlonda wa pageti, usapatse mnyamata wovala tayi amene akuti amadziwana ndi bwana, usapatse mlamu wa munthu aliyense. Ulowe, upereke moni, upereke envelopu ndi manja awiri, upemphe akudindire pa fotokopiya yako kuti alandira. Setifikadu yeniyeni ndi yongoonetsa. Aione ili m'manja mwako kapena patebulo iwe uli pomwepo, ibwerere pakati pa makatoni. Wina akanena kuti isiye ubwere mawa, nena kuti amayi anga anakaniza. Undinamizire ine chilichonse, unene kuti ndine mayi wovuta, wosaphunzira, wa kumudzi. Ndivomera zonse.

Atate ako usawade. Si munthu woipa, ali ndi mantha ngati ine, kungoti mantha athu ayang'ana kosiyana. Boti si lawo, ukonde si wawo, nyali si zawo. A Barnaba atachoka anabwera kukhitchini kuno nati, "Amake Lusiya, mukudziwa kuti mawa akhoza kundiuza kuti ndisakwere boti? Pepala silidyedwa. Mukufuna tidye thonje lanulo?"

Ndinati, "Tidya chinangwa cha kumunda kwanga."

Anati, "Chinangwa chopanda ndiwo?"

Ndinati, "Masamba ake ndi ndiwo. Mwana wa a Filipo akudya chambo tsiku lililonse, pitani mukamuone nkhope."

Anabwerera kuukonde wawo, koma akhala pakhomo penipeni, ndipo anena kuti setifikadu isatuluke m'nyumba muno mpaka akulu awo abwere. Ndikudziwa chimene chidzachitike. Atate ako aakulu nawonso ana awo ali m'maboti a a Barnaba. Adzakhala amuna atatu pamipando, ine pamphasa ndi khanda, ndipo adzandiuza kuti ndikunyoza munthu wofuna kutithandiza. Adzati ndatengera mwano ku nyumba ya alendo. Anene. Ine sinditulutsa. Pomwe ndaibisa sindilemba pano, kuopa kalatayi ingagwere m'manja mwina. Ili chilili, yosapindidwa, kutali ndi utsi. A Esinati sindingawapatse, beseni lawo ladzaza nsomba zaziwisi, komanso amuna awo ali m'boti lomwelo, sindifuna kuwaika m'moto.

Koma ndikuopa, mwanawe, ndisakunamize. Pakamwa panga pakhoza kukana mpaka mawa, koma nyumbayi ndi yaing'ono. Akaganiza zofufuza, apeza.

Iwe usabwere kuno. Ndikudziwa mtima wako, ukawerenga izi ufuna kuthamanga. Usayerekeze. Ukabwera akupanikiza pamaso pa atate ako, ulira, uvomera kuti nkhani ithe. Khala m'nyumba mwa amalume ako, usapite kumsika, usapite kugombe kumene amapakira lole. Mawa ukwere chapa, ukhale pafupi ndi azimayi. Ukafika uuze amayi a Rute zonse, usabise, kuti munthu akabwera kudzakufunsa adziwe chomuyankha. Usiku uzipemphera monga tinkachitira. Kumtunda kumazizira, juzi ija uzivala ngakhale ukuti ndi yachikale. Ntchito ikapanda kupezeka ulendo uno, ulembenso kwina, papepala labwino lomwelo, ndi dzanja lako lomwelo. Ukabwerera wopanda ntchito koma setifikadu ili m'manja mwako, ine ndidzakulandira ndi nthungululu, anthu aone.

Usapinde pepala. Usapatse munthu. Usakwere lole.

Ndine amako,
Marita

Mbali yotsalayi uwawerengere amalume ako mokweza, pompano, ngakhale uwapeze akudya.

Achimwene a Yohana, ndine mlongo wanu. Sindinakuvutitsenipo ndi za m'banja mwanga, ngakhale chaka cha njala chija ndinakhala chete. Lero ndikukuitanani. Lusiya ndi mbumba yanu. Mawu anga pano akuti ndi a mkazi, koma inu mukakhala pampando n'kunena kuti pepala la mwanayu lipita m'manja mwa mwini wake, palibe angakutsutseni, ngakhale akulu a bambo ake. Simuli m'boti la munthu, simuopa kutsitsidwa. Mudzaitenge setifikaduyi poyera, onse akuona, mupite nayo nokha kwa mwana. Musatume munthu, musadikire kuti dzuwa lizizire, musati mawa. A Esinati asenza kale beseni, akundikodola kuseri kwa mpanda. Tsekani ntchito yanu, kwerani njinga. Anthu aja asanafike, achimwene, mundipeze ndisali ndekha. Bwerani msanga.